Mwana wanga akufuna kuphunzira MMA, kodi ndimulole?

"Aphunzitsi, ine ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu ndipo ndimagulitsa kaunjika. Mwana wanga woyamba ali ndi zaka 16, ali Fomu 3. Chionereni ndewu za MMA pa foni ya mnzake, palibenso china chimene amakamba. Akuti wapeza bambo wina amene amaphunzitsa anyamata masewerawa madzulo, ndipo akufuna ndizimulipirira mwezi ndi mwezi. Ndinaonako kanema mmodzi, munthu akumenyedwa ali pansi magazi ali chuchuchu, ndipo usiku umenewo tulo sindinatione. Bambo ake anamwalira, ndilibe wogawana naye maganizo. Kodi masewerawa sadzamusandutsa wandewu? Nanga akavulala m'mutu? Ndingadziwe bwanji kuti mphunzitsiyo ndi weniweni? Mwanayo akuti akufuna imeneyi idzakhale ntchito yake."

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa chofunsa musanapereke ndalama komanso musanamukanize mwana. Mtima wanu ukhale m'malo, pakuti zimene munaona pa kanemayo ndi nkhondo ya akatswiri olipidwa, anthu akuluakulu amene akhala akukonzekera kwa zaka zambiri, ndipo mwana wa zaka 16 amene ali m'manja mwa mphunzitsi wabwino sayenera kufika pafupi ndi zimenezo. Ndaphunzitsa masewera omenyana kwa zaka zoposa 20, ndipo ndaona kuti ana ambiri amene amavulala savulazidwa ndi masewerawo koma ndi kaphunzitsidwe ka munthu amene waima patsogolo pawo. Choncho mukhoza kumulola, koma mukayambe mwakaona nokha mphunzitsiyo ali pa ntchito. Ndifotokoza zimene mukayang'ane, ndipo kuti mundimvetse ndiyenera kukuuzani za masewerawa ndi njira imene ine ndinadzera.

MMA, chidule cha Mixed Martial Arts, ndi masewera amene amaphatikiza maluso a masewera angapo omenyana. Muli zibakera za nkhonya, mateche a karate ndi taekwondo, mawondo ndi zigongono za Muay Thai ya ku Thailand, kugwetsana kwa judo ndi kwa masewera olimbana, komanso luso la Brazilian jiu-jitsu logwira munthu pansi mpaka atavomera kuti wagonja. Anatchuka pa dziko lonse kudzera ku mpikisano wa UFC, umene unachitika koyamba mu 1993 mumzinda wa Denver ku America. Pa nthawiyo malamulo anali ochepa kwambiri ndipo anthu sankawagawa potengera kulemera kwawo. Wopambana tsikulo anali Royce Gracie wa ku Brazil, munthu wa thupi losaopsa, amene anagonjetsa anthu atatu usiku umodzi powagwetsa ndi kuwapana mpaka onse atagonja okha. Kuyambira pamenepo aphunzitsi anazindikira kuti wodziwa kuponya chibakera chokha ndi wopereweredwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kunakhazikitsidwa malamulo amene akutsatidwa mpaka lero: omenyana amayezedwa pa sikelo n'kupatsidwa mnzawo wofanana naye kulemera, ndime iliyonse imatenga mphindi 5 ndi mphindi imodzi yopuma, ndipo n'zoletsedwa kumenya kunkhongo, pamsana, pakhosi ndi kumaliseche, kutosa m'maso, kuluma kapena kugunda ndi mutu. Woyimbira ali ndi mphamvu yoimitsa nkhondo akaona kuti wina sakuthanso kudziteteza. Chofunika kwambiri kwa inu ndi ichi: bungwe la IMMAF, limene linakhazikitsidwa mu 2012 kuti liziyang'anira MMA ya osalipidwa, limaletsa kumenya kumutu m'mipikisano ya ana osakwana zaka 18. Ngati bungwe la dziko lonse lapansi likuteteza mutu wa mwana chotere, mphunzitsi wa kuno ku Mzuzu alibe chifukwa chochitira mosiyana.

Ineyo ndinayamba ndi karate ndili mnyamata wa msinkhu wa mwana wanuyo, ndipo chimene chinandikoka ndi mafilimu amene tinkaonera m'nyumba za kanema, monga momwe foni yamukokera iyeyu. Tinkaphunzirira m'kalasi ina ya sukulu ya pulayimale ana akaweruka, tikukankhira mabenchi kukhoma, opanda nsapato pa simenti yozizira ya mwezi wa June. Kenako ndinalowa nkhonya, kumene ndinaphunzira kuti kuzinda ndi kuyendetsa mapazi n'kofunika kuposa mphamvu ya dzanja. Ndinkadziona ngati ndafikapo, kufikira tsiku limene ndinayeserera ndi mnyamata wa judo wochepa thupi kuposa ine. Sanandimenye ngakhale kamodzi. Anangondigwira malaya, mapazi anga anachoka pansi, ndipo pamene ndinkazindikira n'kuti ndili chagada iye atandikhalira pachifuwa, ine osadziwa chochita ndi manja anga. Tsiku limenelo ndinavula lamba wanga wa karate n'kuvala woyera wa ongoyamba kumene, ndinayambiranso ngati mwana. Patapita zaka ndinapita ku Johannesburg kukagwira maganyu monga amachitira anyamata ambiri a kuno kumpoto, ndipo ndalama yochepa imene ndinkapeza ndinkalipirira maphunziro a jiu-jitsu ndi MMA madzulo. Kumeneko ndinamenyako nkhondo zingapo za osalipidwa, zina ndinapambana zina ndinagonja, koma chimene ndinabwera nacho kumudzi chinali kaphunzitsidwe. Ndinaona aphunzitsi amene ankatha ola lathunthu akubwereza kagwiridwe kamodzi kokha, amene ankakalipira wophunzira wamkulu akamenya mwamphamvu wongoyamba kumene, ndipo ndinazindikira kuti zambiri zimene ife tinkazitcha kulimba mtima kwathu kuno zinali kusadziwa.

Wophunzira watsopano akabwera kwa ine, chinthu choyamba kumuphunzitsa ndi kugwa. Ambiri amakhumudwa, chifukwa amabwera akuyembekeza kuponya mateche tsiku lomwelo, koma munthu amene sadziwa kugwa sangaphunzire china chilichonse mosavulala. Amaphunzira kukanikiza chibwano pachifuwa kuti nkhongo isagunde pansi, kumenya pansi ndi mkono wonse m'malo motsamira chikhatho, ndi kugubuduka chamtsogolo ndi cham'mbuyo. Luso limeneli linachokera ku judo, imene Jigoro Kano anayambitsa ku Tokyo mu 1882, ndipo ndi limene limamuthandiza munthu moyo wake wonse, ngakhale tsiku limene wagwa pa kabaza kapena waterereka m'matope a dzinja la kuno. Chachiwiri ndi kugonja. Pa MMA, munthu akakupana mkono kapena khosi, umamugogoda ndi dzanja kawiri kapena katatu, kapena kugogoda pansi, ndipo iye ayenera kukusiya nthawi yomweyo. Anyamata amachita manyazi kugogoda, amaona ngati ndi umantha, motero ineyo ndimayamba ndagona pansi, wophunzira wamng'ono n'kundipana, ine n'kugogoda onse akuona. Amene wachedwa kusiya mnzake atagogoda amakhala panja tsiku limenelo, ndipo akabwereza timasiyana.

Zikatero m'pamene timalowa ku kaimidwe, kayendetsedwe ka mapazi, kudumpha chingwe, ndi zibakera zomenya thumba kapena mapadi amene ine ndagwira m'manja. Ngakhale thumbalo lili ndi nkhani yake. Anyamata ambiri m'makomo amadzaza thumba ndi mchenga n'kulipachika pa mtengo wa mapeyala, ndipo mchengawo ukatsikira pansi umalimba ngati mwala n'kuwononga timafupa ta m'manja. Lathu timadzaza ndi nsanza zosakaniza ndi utuchi, umene kuno suvuta kupeza kwa ocheka matabwa. Utuchi womwewo ndi umene tinkayala pansi mochindikala n'kuphimba ndi lona tisanapeze mamatiresi enieni. Wophunzira amatha miyezi yambiri akuchita zimenezi pamodzi ndi kugwetsana ndi kulimbana pansi, kumene munthu akhoza kugwiritsa mphamvu zake zonse popanda kumenyedwa m'mutu. Kuyeserera kumenyana ndi mnzake kumabwera pambuyo, pang'onopang'ono, atavala magolovesi aakulu, zoteteza miyendo ndi kapulasitiki koteteza mano, ndipo kwa osakwana zaka 18 mutu sukhudzidwa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa masewera awa wothamanga ndi amene amasiya msanga, kawirikawiri atavulala.

Sindinayambe ndi kaphunzitsidwe kameneka, ndipo pali tsiku limene sindiliiwala. Nditangoyamba kuphunzitsa ndinkatsatira zimene ndinachitiridwa ineyo, zoti mlendo ayesedwe mtima. Kunabwera mnyamata wina wofatsa, wamtali, amene anali atangokhala nafe masabata awiri, ndipo ndinamuika kuti ayeserere ndi wophunzira wanga wakale. Chibakera chinamupeza pachibwano, anakhala pansi, kenako anadzuka akumwetulira n'kunena kuti ali bwino. Ndinamuwombera m'manja n'kumuuza kuti apitirize. Titamaliza ndinamuona akufunafuna nsapato zimene anali atazigwira kale m'manja, ndipo anandifunsa kawiri konse kuti linali tsiku lanji. Ndinamulola kupita kunyumba yekha. Usiku anayamba kusanza, ndipo amayi ake anathamangira naye kuchipatala. Mwamwayi anachira, koma mayiwo anabwera kudzandiona, ndipo sanakalipe. Anangondifunsa kuti, "Aphunzitsi, akanakhala mwana wanu mukanamusiya ayende yekha?" Ndinalibe yankho. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira chithandizo choyamba, ndinasiya kuyesa alendo mtima, ndipo ndimasunga nambala ya foni ya kholo la mwana aliyense.

Pa nkhani ya mutu, mantha anu ndi oona ndipo sindikufuna kuwachepetsa. Ubongo ndi wofewa ndipo umakhala m'madzi mkati mwa chigaza, choncho mutu ukagwedezeka mwadzidzidzi ubongo umagunda fupa. Munthu akhoza kuvulala ubongo ngakhale asanakomoke, ndipo chipewa chotetezera kumutu chimachepetsa mabala ndi zotupa koma sichiletsa ubongo kugwedezeka. Choopsa kwambiri ndi kumenyedwanso ubongo usanachire, makamaka kwa achinyamata amene ubongo wawo ukukulabe, komanso kumenyedwa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri kumene kumabweretsa kuiwalaiwala ndi kusintha khalidwe munthu akamakula. Mwana wanu akabwera kunyumba akudandaula mutu, chizungulire, nseru, kuwala kukumupweteka m'maso, kapena mukaona kuti akuiwala ndi kuyankha mochedwa, asachitenso masewera alionse, ngakhale mpira, mpaka ataonedwa ndi achipatala, ndipo usiku woyamba asagone m'chipinda yekha. Koma akakomoka ngakhale kwa kanthawi kochepa, akasanza mobwerezabwereza, mutu ukamakulirakulira kupweteka, akagwa ngati wakhunyu, akamavuta kudzutsidwa, akafooka mbali imodzi, akamalankhula mosamveka, kapena kukatuluka magazi kapena madzi m'khutu ndi m'mphuno, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto mupite naye ku Mzuzu Central Hospital ku Luwinga, kapena ku St John's ngati ndiko kufupi, ndipo mukawauze momveka kuti wamenyedwa m'mutu komanso nthawi imene zachitika. Ngati akudandaula khosi kapena dzanzi m'manja atagwa, asadzutsidwe mwachisawawa. Kwa ine, wophunzira amene wavulala m'mutu sayesereranso ndi mnzake kwa mwezi wathunthu ngakhale atanena kuti wachira, ndipo amabwerera ndi chilolezo cha achipatala.

Zovulala zina ndi zazing'ono ndipo zimachitika pa masewera alionse: kubinya chala, kusupuka, kutupa bondo. Bondo kapena phewa likatupa n'kukana kugwira ntchito masiku awiri kapena atatu, likaonedwe kuchipatala m'malo molikoka kunyumba. Vuto limene anthu saliganizira ndi la chipere ndi zithupsa zimene zimafala pa mamatiresi osatsukidwa, ndipo kuno ku Mzuzu, kumene mvula imakhalitsa zinthu osauma msanga, zovala za masewera ziyenera kuchapidwa ndi kuumitsidwa bwino tsiku lililonse. Asanayambe, mupite naye kuchipatala akamupime, makamaka ngati ali ndi mphumu, khunyu, vuto la mtima kapena la magazi, kapena anakomokapo akuthamanga. Musalolenso aliyense kumuuza kuti adzimane chakudya ndi madzi, kapena athamange atavala mapulasitiki, pofuna kutsitsa sikelo. Akatswiri ena amachita zimenezo ndipo zimawononga impso, koma mwana amene akukula afunika nsima yake, nyemba, usipa, mazira, nthochi ndi madzi okwanira. Mankhwala otupitsa minofu amene amagulitsidwa mobisa akhale nawo kutali.

Mwafunsa ngati masewerawa sadzamusandutsa wandewu. Zimene ndaona ine n'zakuti mnyamata amene amagwetsedwa ndi kugonja kangapo tsiku lililonse, nthawi zina kwa mnzake wochepa thupi kapena kwa mtsikana, amasiya kudzimva, ndipo safunanso kuonetsa mphamvu zake pamsewu chifukwa akudziwa mmene munthu amavulalira mosavuta akagunditsa mutu pansi. Koma sindingakunamizeni kuti zimenezi zimangochitika zokha. Mwana amatengera mphunzitsi wake. Ngati mphunzitsiyo amanyadira za anthu amene anawamenya kumowa, kapena amatenga anyamata ake kukaopseza anthu pa ngongole kapena pa misonkhano, ndiye kuti akuweta zigawenga, ndipo mapeto ake ndi kupolisi, pakuti kuvulaza munthu ndi mlandu ngakhale uli ndi lamba wakuda wa akatswiri. Kwa ine, wophunzira amene wayambitsa ndewu kunja amaimitsidwa, ndipo kholo lake limauzidwa. Popeza bambo ake kulibe, mwana wanuyo adzamvera kwambiri mwamuna amene adzamuphunzitseyo, mwina kuposa mmene mukuganizira, ndipo ichi n'chifukwa china chimene muyenera kumudziwira bwino munthuyo.

Mukapite kumeneko osanena tsiku, mukhale pambali kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mphunzitsi weniweni amakondwa kholo likabwera ndipo amalipatsa mpando, pamene wokana kuti muonerere ali ndi chimene akubisa. Maso anu asakhale pa anyamata aluso amene akuuluka ndi mateche. Yang'anani mwana wofooka kwambiri pagulupo, wongoyamba kumene, muone mmene akumuchitira: kodi akumufotokozera modekha, kapena akumusandutsa thumba la anzake? Onani ngati akugwetsana pa chinthu chofewa kapena pa simenti, ngati ana akuwaphatikiza molingana msinkhu ndi kulemera, ngati pali madzi akumwa ndi bokosi la mankhwala, ndiponso ngati mphunzitsiyo maso ake ali pa ophunzira kapena pa foni. Mukatero mumufunse mwaulemu kumene anaphunzira ndi amene anamuphunzitsa. Lamba akhoza kugulidwa, koma munthu amene anaphunziradi amatchula aphunzitsi ake mosavuta ndipo amavomera zimene sadziwa. Pa jiu-jitsu, mwachitsanzo, lamba wakuda amatenga zaka pafupifupi 10 kwa anthu ambiri, choncho mnyamata wamng'ono wodzitcha katswiri wa masewera asanu akupatseni chikayiko. Mumufunsenso kuti mwana wanu adzayamba liti kumenyana ndi anzake komanso chimene amachita wophunzira akamenyedwa m'mutu. Akayankha kuti mwamuna amalimba ndi kumenyedwa, tengani mwana wanu mubwerere naye. Makolo a ana amene akhalitsa kumeneko akhozanso kukuuzani zimene mphunzitsiyo sanganene.

Za ntchito, musamuseke, koma mumuuze zoona. Anthu a mu Africa afikadi pamwamba pa masewerawa. Kamaru Usman ndi Israel Adesanya, onse obadwira ku Nigeria, anatenga malamba a ukatswiri a UFC mu 2019, Francis Ngannou wa ku Cameroon anatenga wa olemera kwambiri mu 2021, ndipo Dricus du Plessis wa ku South Africa anatenga wake mu 2024. Kufupi ndi kwathu kuno kuli mpikisano wa EFC wa ku South Africa, umene unayamba mu 2009, ndipo ndi kumene anadzera du Plessis komanso Themba Gorimbo wa ku Zimbabwe, amene anamenya koyamba mu UFC mu 2023. Mwana wanu aone bwino mbiri ya anthu amenewa. Usman anayamba ndi masewera olimbana ali ku sekondale ku America ndipo anapitiriza nawo mpaka ku koleji. Adesanya anakhala zaka zambiri pa kickboxing, nkhonya yophatikiza ndi mateche. Ngannou, amene ali mwana ankakumba mchenga kuti apeze ndalama, anayamba kuphunzira MMA ku Paris ali ndi zaka zoposa 25. Izi zikusonyeza kuti wa zaka 16 sanachedwe konse, ndipo palibe chimene angataye akamaliza kaye Fomu 4 n'kulemba MSCE. Ayeneranso kudziwa kuti kumbuyo kwa mayina ochepawa kuli anthu ochuluka amene amamenya nkhondo koma amadya za ntchito ina, ndipo bondo limodzi likhoza kuthetsa zonse tsiku limodzi. Mwa ophunzira anga, amene masewerawa awathandiza pa ntchito ndi amene analowa usilikali, upolisi, ulonda kapena uphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi, ndipo konseko anafunsidwa satifiketi. Ineyo ndimaona lipoti la sukulu la mwana aliyense teremu ikatha, ndipo amene watsika amayamba wakonza za m'kalasi.

Mukakapeza kuti mphunzitsiyo sakukukhutiritsani, musangotseka chitseko, chifukwa mwana wokanizidwa amakaphunzira mobisa kuseri kwa nyumba ndi anzake potengera makanema, ndipo kumeneko kulibe woimitsa nkhondo. M'malo mwake mumupezere kalabu ya judo, karate, taekwondo kapena nkhonya, imene idzamupatse maziko amene adzawafune ndithu akadzalowa MMA atakula. Nkhonya ya Amalawi ili ndi mbiri yake, pakuti Isaac Chilemba, wobadwira ku Blantyre, analimbirana malamba a ukatswiri a dziko lonse lapansi ndi Sergey Kovalev ku Russia mu 2016, ngakhale kuti ku nkhonya nakonso muyenera kufunsa mmene amatetezera mitu ya ana. A Malawi National Council of Sports ndi amene amalembetsa mabungwe a masewera m'dziko muno, ndipo akhoza kukulozerani makalabu odziwika. Mphunzitsi wa masewera wa kusukulu kwake angathandizenso.

Ngati mwakhutira, gwirizanani ndi mwanayo pamaso pa mphunzitsi, makamaka pali amalume ake kapena wachibale wina wamkulu, kuti mukuyesa kwa teremu imodzi: masiku awiri kapena atatu pa sabata, kubwerera kunyumba kusanade kwambiri, osamenyedwa kumutu, osalowa mpikisano uliwonse inu musanavomere, ndipo sukulu isatsike. Lipirani mwezi umodzi umodzi, ndipo chinthu choyamba kumugulira chikhale kapulasitiki koteteza mano, kakekake kosabwerekana ndi wina. Pakatha masabata awiri mumupemphe akuonetseni pa udzu pakhomo panu mmene waphunzirira kugwa ndi mmene amagogodera akagonja. Akakuonetsani bwino, chibwano chili pachifuwa ndipo nkhongo yosagunda pansi, mulipire mwezi wachiwiri.